Zitini za Ulere za a Isake

Unali m'mawa, chiperoni chitabisa phiri la Mulanje ngati silinakhalepo, pamene Eneles anafika pa kachipatala ka pa esiteti ya tiyi, mwana wake Morton ali kumbuyo. Chinali chaka cha 1912. Patsogolo pankayenda mwamuna wake Pilato, munthu amene chikwatirane anali asanaperekezepo mkazi wake ngakhale kudambo.

Pakhonde panali a Isake. Ntchito yawo inali kutsuka zilonda ndi kugawa kwinini, ndipo pa chifukwa chimenecho ankafuna kuti anthu aziwatchula adokotala. Pambali pawo panali bokosi la zitini za mkaka, zimene kampani ina ya ku Ulaya inatumiza kuti amayi alawitse ana awo mwaulere. Mzungu wa esiteti anazilandira ndi manja awiri. Mwana wa chitini amatsala kunyumba, mayi n'kupalira tiyi tsiku lonse osakhala pansi kuti ayamwitse.

"Ana a azungu amamwa uwu," anatero a Isake, atakweza chitini ngati mlaliki wakweza buku. "Kodi munaonapo mzungu akugwira thangata?"

"Mwamva, amake Morton? Landirani," anatero Pilato. "Cha ulere sakana."

Eneles analandira, akuseka chamumtima. Ankadziwa kumene kunachokera chikondi chadzidzidzi cha mwamuna wake pa nzeru za azungu. Mwambo umene anawoloka nawo kuchokera kwa Apwitikizi unkati mwana akadali pa bere, bambo azigona pa mphasa yakeyake, kuopa kuti mwana angadwale tsempho. Pilato mphasa yayekha inali itamukwana. Mwana atasiya bere, ndiye kuti mlandu watha.

Kunyumba Eneles anasomeka chitinicho kudenga. Pilato akafunsa, yankho linali "mawa". Pamapeto pake Pilato anachiboola yekha ndi mpeni, n'kuchimaliza ndi chala, akuti akuyesa ngati n'choyenera mwana.

Koma Dainess, mng'ono wake wa Eneles, sanazengereze kumwetsa mwana wake mkaka wa m'zitini zimene nayenso analandira. Iye anali ndi khanda, Lettie, komanso mwamuna wa maganizo ngati a Pilato, ndiponso kapitawo yemwe ankamukalipira akangokhala pansi. Lettie anautsata mkaka wotsekemerawo, bere n'kulikana. Mawere a Dainess anatupa, anawawa, kenako anauma.

Atangouma, bokosi la a Isake nalo linauma.

"Zija zinali zolawitsa," anatero adokotalawo. "Zina zili kusitolo kwa Mmwenye."

Zinalikodi, pamwamba penipeni, pa mtengo woti munthu wa thangata angoyang'ana n'kupitirira. Dainess anayamba kuthira madzi a mumtsinje m'chitini chomaliza, lero pang'ono, mawa ambiri, mpaka mkaka unatsala ndi mtundu wokha. Lettie anatsekula m'mimba. Liwombo linalowa, kulira kwake kunasanduka ngati kwa kamphaka.

Tsiku lina masana Dainess anatulukira m'munda wa tiyi momwe Eneles ndi Pilato ankapalira, khanda lili lende m'manja.

"Achemwali, mwana akundithawa."

"Kuchipatala wapita?"

"Ndachokera komweko. A Isake akuti ndinalakwitsa kasungunulidwe, malangizo alembedwa pachitini. Ndawapatsa kuti andiwerengere. Achitembenuza uku, achitembenuza uku, kenako akuti maso awo ali ndi chimfine."

Eneles anaponya khasu, n'kukhala pa mzere. Anamasula Morton, yemwe anali wonenepa ngati dzungu, n'kumuika pansi.

"Bwera naye kuno."

Khandalo linangogona, kukamwa kuli gwa. Eneles anafinyira madontho pamilomo yake. Milomoyo sinagwedezeke. Anafinyanso. Kalilime kanatuluka, kanabwerera. Kenako kakamwa kanagwira bere, mofooka, n'kusiya, n'kugwiranso. Dainess anagwada, khutu lake pafupi ndi khosi la mwana, mpaka anamva akumeza.

Pilato anali ataima chapatali, atatsamira mpini.

"Amake Morton, ndiye kuti muziyamwitsa awiri?"

"Mawere ndili nawo awiri."

"Komatu Morton watsala pang'ono kuyenda n'kusiya bere. Ine ndimati..."

"Mumati chiyani, bambo a Morton? Nenani mokweza, mlamu wanu amve nawo."

Pilato anayang'ana Dainess, anayang'ana kumwamba. Koma zinamukanika kuugwira mtima.

"Uyu ndi khanda! Kuti adzayende ndi liti? Ine ndizigona ndekha ngati mbeta yaimuna chifukwa cha mwana wa mwini, bambo ake enieni ali pa mtendere?"

Amayi a m'mizere yoyandikana, amene ankaoneka ngati sakumva, anaphulika nako kuseka. Wina anakuwa kuti a Pilato akapemphe mankhwala kwa adokotala, mwina kuli chitini cha abambo.

"Mukakambe nawo mlanduwo amuna anzanu awiriwo," anatero Eneles. "Bambo wa mwanayu ndi wa zitini uja. Ine mwana wa mng'ono wanga sindimukwirira."

Lettie anayamwa mpaka thukuta linatuluka pamphumi, n'kugona bere lili kukamwa. Kumtunda kwa munda kapitawo anali atayamba kale kukuwa, kufunsa ngati tiyi amapaliridwa ndi matako.

Eneles anapereka Morton kwa Dainess kuti amubereke. Khandalo analimanga pachifuwa ndi nsalu, pomwe likanatha kupeza bere lokha likadzuka. Anatola khasu, anayang'ana pomwe analekezera, n'kuwerama.