Chisipanishi cha Lusubilo

Lusubilo Mwakasungula anafika ku Amereka mu Ogasiti 1995, atanyamula chikwama chimodzi ndi Chingerezi chimene aphunzitsi onse a ku Zomba ankachitamanda. Anabwera kudzaphunzira za matenda a mbewu pa yunivesite ya ku College Park. Bambo ake anamupereka m'manja mwa mnzawo wakale wa kusekondale, a Gresham Chikakuda, amene ankakhala ndi banja lawo ku Bowie.

A Chikakuda anali munthu wamimba yake, wokonda suti ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pa bwalo la ndege anamulandira ngati akulalikira.

"Mwana wanga, wafika m'manja mwa bambo ako. Kuno palibe amene sandidziwa. Wapampando wa Amalawi onse a chigawo chino ndine."

Koma galimoto silinalowere ku Bowie. Linakaima pa mdadada wa nyumba zosanja za njerwa zofiira ku Langley Park. Lusubilo atatsika anayang'ana uku ndi uku. Zikwangwani za masitolo sanathe kuziwerenga. Nyimbo za malipenga zinkatuluka m'mawindo. Mayi wina ankagulitsa mango oduladula m'timapepala, owaza tsabola, ndipo anyamata amene anatsamira mpanda ankalankhula mothamanga ngati akukangana.

"Bambo, kodi kuno ndi ku Amereka komwe kuja?"

"Ku Bowie popanda galimoto ungafe ndi njala," anatero a Chikakuda. "Kuno basi ya kusukulu ili pakhomo. Ndakupezera chipinda kwa mayi wina dzina lake Yesenia. Anthu awa ndi a ku El Salvador, anathawa nkhondo kwawo. Usamacheze nawo. Ndipo chilankhulo chawocho usachiphunzire, chidzakuwonongera Chingerezi. Ukafuna kumuuza kanthu mayiyu, uziuza ine, ndimachidziwa pang'ono."

Malangizo amenewo Lusubilo sanavutike nawo. Iye anawoloka nyanja kudzakhala pakati pa anthu ophunzira, osati pakati pa anthu oti akhala m'dziko la eni zaka zambirimbiri koma osatha kupereka moni m'chilankhulo cha eni akewo. Kusitolo akafunsa shuga m'Chingerezi chake chosalala, mtsikana wogulitsa ankamuyankha m'Chisipanishi, iye n'kutsonya. Kochapira zovala amayi ankamusekerera n'kumusunthira malo pa benchi, iye n'kuima chilili, buku lili kumaso. M'basi ankakhala pa mpando wakutsogolo, chikwama chili pachifuwa.

Kusukulu nako zinthu sizinamukomere monga ankayembekezera. Akafunsa funso m'kalasi, mphunzitsi ankapendeketsa mutu n'kumupempha kuti abwereze. Chingerezi chomwe chija, chotamandidwa ku Zomba. Ankabwerera kunyumba atakwiya, ndipo mkwiyowo ankautulira pa anthu a ku Langley Park, poti ndiwo anali pafupi.

Yesenia anali mayi wamfupi, wamanja okhakhala chifukwa cha ntchito yokolopa m'maofesi a ku Alexandria. Anali ndi kamwana kakakazi ka zaka zitatu, Tiffany, koderako khungu, ka tsitsi lopotana. Madzulo Yesenia ankasiya mbale pakhomo pa chipinda cha Lusubilo. Masabata oyamba mbaleyo inkabwerera ili yodzaza. Tsiku lina Lusubilo anavundukula n'kupeza chinangwa chokazinga ndi kabichi wothira viniga. Chinangwa chenicheni, ngati cha pa depoti ya mabasi kwawo. Anatseka chitseko, anadya chonse, kenaka anatsuka mbale mwakachetechete kuti asayamike.

A Chikakuda ankabwera Lachitatu ndi Loweruka lililonse, ati kudzaona mwana. Kuonako kunali kwa pakhomo.

"Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda, bambo."

"Chabwino. Nyamula mabuku upite ku laibulale. Kuno sitinabwere kudzagona."

Akamatuluka ankawasiya atavula jekete, akhala pa sofa, Tiffany akuwakwera pamimba n'kumafuula kuti "Papi, Papi!" Lusubilo sanadabwe nazo. Kwawo mwamuna aliyense wamkulu ndi bambo.

Pa Khirisimasi anamutengera ku Bowie. Kumeneko anakumana ndi akazi awo, mayi Modesta, amene ankagwira ntchito yosamalira okalamba mashifiti awiri pa tsiku. Anali mayi wowonda, wosalankhulalankhula, ndipo anaphika mpunga ndi nkhuku maso ali ofiira ndi tulo. Patebulo a Chikakuda anapemphera mpaka chakudya kuzizira, kenaka anauza alendo kuti: "Mwana uyu ndamutenga ngati wanga. Kawiri pa sabata ndimasiya zanga zonse kukamuona."

Mu Januwale kunagwa chipale chimene ngakhale eni dziko anachidandaula. Misewu inatsekeka, mabasi anaima, ndipo Yesenia sanapite ku ntchito. Akazi awiriwo anatsekeredwa m'nyumba imodzi ngati nkhuku za m'chitatanga. Tsiku lachiwiri Lusubilo anatopa ndi makoma a chipinda chake n'kutulukira pabalaza. Yesenia ankaonera sewero pa TV. Analoza mwamuna wa ndevu amene ankagwadira mtsikana, n'kunena kuti, "Mentiroso." Anatulutsa lilime n'kulipinda ndi chala. Lusubilo anamva: wabodza. Anaseka asanakumbukire kuti sayenera kuseka.

Kuyambira pamenepo mawu anayamba kumukakamira ngati chisoso. Tiffany ankamuphunzitsa mayina a ziwiya. Yesenia ankamuphunzitsa kutsutsa mtengo wa nsomba ndi kutukwana woyendetsa basi akadutsa osaima. Mtsikana wa kusitolo uja, amene Lusubilo ankamutsonya, anapezeka kuti masana amaphunzira unamwino. Lusubilo sanapepese kwa wina aliyense, koma anasiya kukumbatira chikwama m'basi. A Chikakuda akabwera ankadzipusitsa ngati sakumva kanthu.

Tsiku lina mu Epulo ankasenda chinangwa limodzi kukhitchini. Yesenia anapumira m'mwamba n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono kuti mnzakeyo amve. Anati malume ake a Lusubilo ndi munthu wabwino. Anati amamumvera chisoni, mwamuna wamasiye, mkazi wake anafera ku Afirika iye ali kutali. Anati Tiffany akadzakula adzanyadira kuti bambo ake ndi dokotala, ngakhale ntchito ya kuchipatala siwalola kugona kunyumba.

Mpeni unaima m'manja mwa Lusubilo. Malume? Wamasiye? Anayang'ana Tiffany amene ankasewera pansi, n'kuona chipumi chotakata ndi makutu otuluka ngati a Chikakuda, zimene wakhala akuziona miyezi yonseyi osaziona. Ndiye kuti iye, mwana wa mnzawo wa kusekondale, anamuika m'nyumba muno kuti akhale chophimba. Ndiye kuti laibulale ija sinali ya maphunziro ake. Ndipo mkazi womwalirayo, iye anadya nkhuku yophikidwa ndi manja ake.

Anafufuza mawu ochepa amene anali nawo. "No está muerta," anatero. Sanamwalire. "Ali moyo. Amakhala ku Bowie. Ali ndi ana aamuna awiri."

Yesenia anamubwerezetsa katatu. Kenaka anapukuta manja, anakathira madzi mu ketulo, n'kuyamba kudikira Lachitatu.

Lachitatulo a Chikakuda analowa akuimba mluzu. Asanavule jekete, nsapato zawo za m'nyumba zinawapeza kumaso. Zinatsatira malaya, lumo lometera ndi baibulo. Yesenia analankhula mothamanga kwambiri moti Lusubilo anangotolapo mawu amodzi aja a pa TV. Oyandikana nawo anatsegula zitseko n'kuima m'khonde, manja ali m'chiuno.

A Chikakuda anagogoda pa chipinda cha Lusubilo thukuta lili kamukamu.

"Ndinakuuza chiyani za chilankhulo ichi? Mwana wosamva iwe! Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu othawa kwawo. Lero lomwe ndiimbira bambo ako."

Lusubilo anaimirira mwaulemu monga analeredwera, manja kumbuyo. Anawayang'ana kuyambira ku tayi mpaka ku nsapato. Munthu amene bambo ake ankamutchula monyadira kuti mnzanga wa ku Amereka anali ataima apo ndi lumo m'dzanja limodzi, nsapato ya m'nyumba m'dzanja linalo.

"Imbani, bambo. Kapena ngati khadi yanu ya foni yatha, ndiimbe ndine, inu mulankhule."

Sanaimbe. Anachita china chopusa kuposa pamenepo. Pofuna kuti Lusubilo akadzalankhula asadzakhulupiriridwe, anakauza akazi awo kuti mtsikana uja walowerera, akuyenda ndi anyamata a Chisipanishi, ndipo iwo asamba m'manja. Anaiwala kuti anakwatira mkazi wa mpingo. Lamulungu masana mayi Modesta anatuluka ku ntchito n'kulunjika ku Langley Park, akadali mu yunifolomu, kudzalangiza mwana wa eni asanatayike.

Amene anatsegula chitseko anali Tiffany. Mayi Modesta anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali. Kenaka anakhala pa sofa osauzidwa, anavula nsapato n'kutikita mapazi.

"Lusubilo, bwera ukhale apa. Ndinabwera kudzakulangiza, koma ndaona kuti wofunika malangizo si iwe. Mayi wa mwanayu umamva chilankhulo chake?"

"Pang'ono, mayi."

"Pang'onopo pakwana. Mufunse kuti mwanayu anabadwa liti."

Yesenia anali ataima pakhomo la khitchini, wokonzeka kumenyana. Lusubilo anamasulira. Yesenia anatchula mwezi ndi chaka.

"Eya," anatero mayi Modesta. "Nthawi imeneyo ankati akuyendetsa komiti yomanga tchalitchi. Mufunse anamuuza kuti ine ndili kuti."

Lusubilo anapereka funsolo n'kubweza yankho. "Akuti anamuuza kuti munamwalira, mayi."

"Ndinafa ndi chiyani?"

Lusubilo anafunsa. Yesenia anayankha maso ali pansi.

"Akuti malungo."

"Malungo! Sanathe n'kundipezera matenda olemekezeka." Mayi Modesta anapukusa mutu. "Nanga ntchito anati amagwira yanji?"

"Akuti ndi dokotala."

Apa mayi Modesta anaseka mpaka misozi. Anadzuka, anawerama, n'kuyerekeza munthu akukankha bedi la odwala m'khonde la chipatala, mimba ili patsogolo. Izi sizinafunike womasulira. Yesenia anagwira pakamwa, kenaka nayenso anaphulika. Sikunali kuseka kwa chimwemwe, koma anaseka ndithu, akazi awiri otopa ndi ntchito, kuseka mwamuna mmodzi.

"Muuze kuti ine ndilibe naye mlandu," anatero mayi Modesta atapukuta maso. "Mapanga awiri avumbwitsa. Ayione yekha mvulayo."

Mwambi umenewo unamugonjetsa Lusubilo. Anangoti mwamuna wa nyumba ziwiri amagona panja, ndipo Yesenia anavomera ndi mutu.

Mayi Modesta sanathetse banja. Anati sanagwire mashifiti awiri zaka zonsezi kuti nyumba ya ku Bowie igawidwe pakati. Anatsitsira zovala za amuna awo ku chipinda chapansi, pafupi ndi makina ochapira, n'kulanda makiyi a galimoto. Yesenia anasintha loko. Masiku ena a Loweruka mayi Modesta ankabwera kudzatenga Tiffany kuti adziwane ndi alongo ake, Sean ndi Jesse, amene ankamulankhula m'Chingerezi iye n'kumayankha m'Chisipanishi. Lusubilo anakhalabe m'chipinda chake chija, ndipo bambo ake akafunsa pa foni za mnzawo, ankangoti, "Alipo."

Upampando wokha sunawachoke. Pa chikondwerero cha ufulu wa Malawi mu Julaye, Amalawi ndi anzawo a ku Zambia anasonkhana pa paki ina ku Greenbelt. Nyama inali pa makala, ana ankathamangitsana pa kapinga. A Chikakuda anakwera pa benchi atavala suti yakuda, anagogoda botolo ndi foloko, n'kuyamba kulankhula za chikhalidwe. Anati dziko lino limawononga ana. Anati banja ndi maziko a mtundu. Anati atsikana athu akafika kuno asamatengeke ndi zilankhulo za anthu osadziwika. Amuna ena anawomba m'manja, ngakhale panalibe mmodzi yemwe amene nkhani ija sinamufike.

Lusubilo anawayang'ana anthu owomba m'manjawo mmodzimmodzi, ndipo anaona kuti ambiri ankangoyang'ana nyama. Mayi Modesta anamukodola.

"Tola mapoto athu. Mawa ndili ndi shifiti ya m'mawa."

"Nanga bambo?"

"Akulankhulabe. Amene akuwomba m'manjawo awaperekeza."

Ananyamula mapoto n'kudutsa kutsogolo kwa benchi penipeni, Sean ndi Jesse akutsatira pambuyo ndi mipando. A Chikakuda anawaona akulowa m'galimoto. Mawu awo anagwedera pang'ono, dzanja lili m'mwamba, koma anapitiriza, poti anali asanafike pa mfundo yomaliza.