Dzanja Lamanzere la a Moffat

"Mikwingwirima sinama," anatero azakhali a Jessica, akuika pansi kapu ya tiyi asanamweko n'komwe. "Bambo a kwathu aona ndi maso awo. Nthiti zonse za kumanja zili bii, ngati munthu wopondedwa ndi ng'ombe."

Tabitha anali atakhala pansi pafupi ndi chitseko, atatambasula miyendo monga achitira anamfedwa. Linali tsiku lachitatu chimwalirire bambo ake, a Moffat, omwe anagwa payipi yothirira ili m'manja, m'dimba la abwana awo ku Constantia. M'mawa wa tsikulo amuna a azakhaliwo anapita ku mochale kukasambitsa thupi, ndipo zomwe anaona kumeneko zinafika pa nyumba ya maliro ku Kraaifontein eni ake asanatsike sitima. Mipando inali itatulutsidwa panja, amayi a mvano anali atadukiza nyimbo, ndipo mphepo inkangogwedeza malata.

"Chikalata cha adokotala chikuti ndi mtima, alamu," anayankha motsitsa mawu a Viness, mayi ake a Tabitha.

"Adokotala amadziwa mtima, ine ndimadziwa achimwene anga. Munthu wamkulu, woleredwa bwino, angoyamba kudya ndi dzanja lamanzere? Kundipatsa moni ine ndi lamanzere, pakhomo la tchalitchi, anthu akuona? Miyezi iwiri yathunthu. Kenako mikwingwirima, kenako imfa. Munawachita chiyani m'nyumba muno?"

Kwathu imfa siyenda yokha, timaifunira mwini, ndipo mwambo umenewu sutsala pa chipata cha Mwanza anthu akamabwera kuno kudziko la eni. Umakwera nawo basi. A Jessica anali atampeza kale mwini wa imfayi, ataimbanso foni kumudzi kukamuneneza.

"Galimoto ya maliro inyamuka Lachisanu kupita ku Ntcheu," anapitiriza. "Akuluakulu akuti inu musakwere, ndipo kumanda musakaponde, mpaka munene zoona."

A Viness anangowerama. Zaka makumi atatu za ukwati, ndipo sanatsegule pakamwa kuti adziteteze.

M'chipinda chonsecho Tabitha ankadziwa kuti ndi iye yekha amene anali ndi yankho, ndipo yankholo linali pa mfundo za zala zake.

Tabitha anali wankhonya, osati wongoyeserera ayi. Panali patatsala milungu itatu kuti alimbirane lamba wa ukatswiri ndi Sinazo, mtsikana wa ku Nyanga, dera lina la mumzinda womwewu, ndipo anthu odziwa masewerawa anali atagawikana pakati. Tabitha ankamenya ngati munthu wolima mphanje: mutu pansi, kupita kutsogolo kokhakokha, kusema nthiti mpaka mnzake atasowa mpweya. Sinazo anali wamtali, wamanzere, ndipo sankathamangitsa munthu. Ankabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ngati akuopa, iwe n'kumati wamupeza, ndiye pomwe dzanja lamanzere linkakuchingamira pakamwa. Onse olowa mothamanga anali atagwa nalo. Kuti akonzeke, Tabitha ankafunika wamanzere woyeserera naye, koma ku jimu kwawo kunalibe.

"Ine ndikhala Sinazo," anatero a Moffat tsiku lina miyezi iwiri m'mbuyomo, ngati akunena zokagula buledi.

Iwo anaponyako nkhonya ali mnyamata ku Blantyre, osapambana kwenikweni, ndipo anali akumanja chibadwire. Pofuna kuti thupi lizolowere, anasamutsira zonse kumanzere: kudya, kutsuka mano, kudulira maluwa, ngakhale moni. Akaweruka ku ntchito ankavala magolovesi kuseri kwa jimu. Poyamba ankamanga chotetezera pamimba, koma anachitaya, akuti Sinazo savala matiresi. Nkhonya ikawapeza m'nthiti ankaseka. "Imeneyo ndi nkhonya, kapena ukundisasa fumbi?" Tabitha ankawonjezera moto. Lamlungu masana anawapeza bwino ndi yamanzere pansi pa nthiti, iwo n'kugwada, n'kunena kuti akumanga chingwe cha nsapato. Lolemba anagwa ku Constantia.

Zimenezi Tabitha sanauze munthu. Achibale ankadziwa kuti bamboyo amangoperekeza mwana wake ku masewera ochititsa manyazi aja, basi. Masiku atatu onsewo Tabitha anakhala pakati pa anthu oimba ndi olira, koma ali yekhayekha. Mu bwalo la nkhonya munthu amasungulumwa mphindi ziwiri zokha, belu likalira amabwerera pakona pomwe wina akumudikira ndi madzi. Apa belu silinkalira, ndipo wa pakona uja anali ku mochale. Ankaopa. Ankadziwa bwino dzina limene anthu amapatsa mwana womenya kholo lake.

Anayang'ana mayi ake. Anali akupotokola nsonga ya chitenje, kuipinda ndi kuitambasula.

"Azakhali," anatero Tabitha. "Mikwingwirima imeneyo ndi yanga. Amayi sakudziwa kanthu."

Anafotokoza zonse, za Sinazo, za dzanja lamanzere, za chingwe cha nsapato. Sanalire. Atamaliza, mayi wina amene anakhala naye moyandikana anasendera pang'ono, ngati akukonza pokhala.

"Iwe?" anafunsa a Jessica. "Manja akowo, pa thupi la bambo ako okubala?"

"Eya, azakhali. Anandiuza okha kuti ndisawanyengerere."

A Jessica anadzuka, natenga foni yawo. Kupepesa si chakudya chomwe anakulira, choncho atafika pakhomo anangoti, "Alamu, konzani chikwama chanu cha Lachisanu." Anadutsa pafupi ndi Tabitha atakwinya siketi yawo kuti isamukhudze.

Nyimbo itayambiranso, a Viness anakodola mwana wawo. Analowa m'kakhitchini kopapatiza, momwe anthu awiri sankatha kupatukirana, natseka chitseko.

"Wayankhuliranji?" anafunsa.

"Mukanatsala, amayi. Sakanakulolani kukawaika."

"Ine akanandinena chaka chimodzi n'kutopa. Iwe adzakunena mpaka udzachite imvi." Anapumira m'mwamba. "Ukuti sindikudziwa kanthu. Nanga ukuganiza kuti ankawathowa ndani nthitizo? Tsiku lililonse madzi otentha ndi kansalu. Akamva kuti ukubwera ankavala jekete msangamsanga, ngakhale kukutentha. Anandilumbiritsa kuti ndisakuuze. Ankati ukadziwa uyamba kumenya mwachifundo, ndipo Sinazo akakupweteka."

Tabitha anatsamira khoma. Funso lomwe analisunga masiku atatu linatuluka lokha.

"Ndawapha ine, amayi?"

"Zimenezo sindingakuyankhire ngati ndine Mulungu. Chomwe ndikudziwa n'chakuti mankhwala a mtima anayamba kumwa zaka ziwiri zapitazo, ndipo ankawabisa m'gambutsi ya ku ntchito. Adokotala anawaletsa zolemetsa, ine ndinawaletsa, ndinalira, ndinawaopseza kuti ndikuuza. Ukuwadziwa bambo ako. Anasankha okha, maso ali poyera."

Apo m'pomwe misozi ya Tabitha inabwera. Mayi ake anamusiya alire, kenako anamupukuta kumaso ndi chikhatho.

"Pali mawu omwe anati akuuza Lolemba akaweruka. Ine pakamwa sindingawathe, koma ndikuonetsa. Imirira bwino."

Anakankhira ndowa pakona ndi phazi, namangitsa chitenje m'chiuno. Kenako a Viness, mayi wa mvano amene sanaponderepo pakhomo la jimu ndipo ankatseka maso nkhonya zikamaonetsedwa pa kanema, anatsogoza mwendo wakumanja, nakweza zibakera zake zing'onozing'ono kufupi ndi masaya. Tabitha anazizwa. Kaimidweko kanali ka Sinazo ndendende, mpaka kapendekedwe ka mutu.

"Ankandiimika chonchi muno, iwo n'kukhala iwe. Anamuonera mtsikanayo pa foni mpaka maso kufiira. Anati asanaponye lamanzere amayamba watsitsa phewa ili, pang'ono pokha, chonchi. Ukaona zimenezo usalowe mutu pansi monga umachitira ukamva kukoma kwa nthiti. Ponda kunja kwa phazi lake. Tiye, bwera."

Tabitha anakweza manja, nasendera. Phewa la mayi ake linatsika, iye n'kuponda. A Viness anayang'ana pansi, napukusa mutu, nakankha phazi la mwana wawo ndi chala chachikulu cha kuphazi mpaka linafika pomwe ankafuna.

"Apo. Bwerezanso," anatero akubwerera pamalo pawo. "Bambo ako ankandibwerezetsa mpaka madzi a tiyi kuphwera m'ketulo."