Chigumu cha Bwezani ndi Nkhuku ya Apongozi

Bwezani analakwa, ndipo mudzi wonse unkadziwa kuti analakwa. Tsiku limene mkazi wake Tabeth ankanyamuka kukadikirira mwana wawo woyamba kukiliniki ya ku Msoro, mwamunayo anali kumtsinje. Akuti nsomba zinali zitachuluka. Anabwerako ndi milamba isanu akuyimba mluzu, n'kupeza mkazi anapita kalekale, katundu atamusenzera mkulu wake Judith.

Atamutsatira Lamlungu, Tabeth sanamukalipire ayi. Akanamukalipira bwenzi zili bwino. Anangomupatsa moni ngati akulonjera wogulitsa tomato, maso ali kumbali.

"Ndikubweretsereni chiyani?" anafunsa Bwezani, mawu ali pansi.

"Buledi wa nthochi, chigumu chija amaphika amayi. Koma muphike inuyo, aBwezani, ndi manja anuwo. Akaphika amayi ndidzadziwa, ndipo musadzavutikenso n'kubwera kuno."

Bwezani anavomera msangamsanga, ati chigumu n'chiyani kwa munthu woluka ukonde. Koma akupalasa njinga kubwerera, mantha anamugwira. Mkazi wakeyo ankamukonda kwambiri, ndipo ankadziwa kuti Tabeth akanena chinthu sabweza.

Vuto linali lakuti wodziwa chigumu pamudzipo anali mmodzi yekha, mayi a Tabeth. Ndipo Bwezani, monga mkamwini wolemekeza mwambo, anali asanalankhulepo ndi apongozi akewo maso ndi maso. Akakumana panjira, iye ankapatukira m'udzu mpaka adutse. Tsono awafunse bwanji? Komanso apongoziwo bondo linali litatupa, n'chifukwa chake sanapite ndi mwana wawo, moti tsiku lonse ankangokhala pakhonde pawo, moyang'anana ndi khitchini ya Bwezani, akuona zonse.

Nthochi nazo zinali zosowa, poti njovu zinali zitagwetsa za kudimba mwezi wathawo. Anayenda mpaka kwa mphunzitsi wina n'kupezako khumi zokha. Lachiwiri m'mawa anasankha zisanu zokongola, zakudazo anaziika pambali. Anakanya ndi ufa wa mgaiwa, anathira soda ngati akuthira feteleza, n'kutereka poto pambaula, moto uli lawilawi, monga amachitira ndi nsomba. Zimene zinatuluka mmenemo, abale inu! Pansi makala, pamwamba phala. Galu ananunkhiza n'kupita kukagona kuseri kwa nkhokwe.

Bwezani anakhala pamwala, manja ali kunkhongo. Pamenepo n'kuti nkhuku ya thadzi ikupalasa pakati pa bwalo.

"Iwe nkhuku iwe," anatero apongozi mokweza, osayang'ana n'komwe kukhitchini. "Unaonapo nthochi yokongola ikukometsa chigumu? Zofunika ndi zakudazo, zimene anthu ena akuti zaola."

Bwezani anatcheratu khutu. Kenako anatsokomola, n'kuyang'ana nkhukuyo mwaulemu wonse.

"Nkhuku, tandifunsirako. Nanga soda?"

"Uwauze kuti kansonga ka supuni basi. Sitikuphika therere pano."

Sukulu inayamba choncho. Nkhuku inauzidwa kuti nthochi zifinyidwe mpaka zisalale, kuti ufa ulowe pang'onopang'ono, kuti m'poto mupakidwe mafuta. Inauzidwanso kuti anthu ena akanakhala akuonerera akazi awo akamaphika, m'malo mongokhalira kumtsinje, bwenzi lero isakuvutika chonchi. Bwezani zimenezo anangozimeza.

Pakati pa phunziro, nkhuku ija inatopa n'kulowera kuthengo. Bwalo linati zii. Apongozi anayang'ana kumwamba, Bwezani anayang'ana pansi, zokanyazo zikudikira m'mbale. Mwamuna wamkulu, wandevu zake, anatapa gaga n'kuyamba kuzungulira nyumba akuitana, "Kurukuru, kurukuru!" mpaka mphunzitsi wapakatiyo anabwerera pantchito. Apongozi anabisa nkhope m'chitenje, mapewa okha akugwedezeka.

"Wabwera, nkhuku? Tsono mvetsera, apa ndiye pagona nkhani. Chigumu si nsomba. Moto wambiri upite pamwamba pa chivindikiro, pansi pakhale pang'ono. Makala a mtengo wa mupani sachita nthabwala."

Bwezani anawola makala n'kuwayala pachivindikiro. Khala limodzi linamugwera pachala, koma sanakuwe, poopa kuti nkhuku ingamve. Posakhalitsa fungo linayamba kutuluka, fungo lenileni lija, ndipo mtima wake unayamba kukhala m'malo.

"Nkhuku, nditsitse kodi?"

Palibe anayankha. Apongozi anali otanganidwa kusenda mtedza.

"Nkhuku, ndati nditsitse?"

Zii. Bwezani anadikira, anadikirabe, mpaka fungo linasintha. Pomavundukula, chigumu chinali chitakwera bwino, koma mbali imodzi yonse inali bii. Nthochi zinali zitatha. Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo anatenga mpeni kuti apale pakudapo.

"Nkhuku," anatero apongozi, mawu atafewa tsopano, "uwauze asiye mpeniwo. Anyamule chomwecho. Mwanayo ndinabereka ndine."

Bwezani sanamvetse, koma anamvera. Anachikulunga m'nsalu yoyera, anachimangirira pakaliyala, n'kupalasa dzuwa lili pamutu. Anafika masana cha m'ma fotini awazi, thukuta lili kamukamu, n'kupeza Tabeth atakhala pamphasa pansi pa mtengo pamodzi ndi Judith.

"Mwaswera bwanji?" anatero Bwezani, akupereka mtolowo ndi manja awiri.

Tabeth anamasula nsalu pang'onopang'ono. Anachiyang'ana chigumucho pamwamba, anachitembenuza, anachinunkhiza. Atafika pakuda paja anaima nthawi yaitali.

"Amayi chiyambireni kuphika sanapserezepo chigumu," anatero.

Judith anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alamu, ichi ndi chanu ndithu, palibe angakulandeni!"

Tabeth sanaseke. Ananyema mbali yopserera yomweyo n'kuyamba kutafuna, makala akulira m'mano. Bwezani anaima chilili, osadziwa ngati wakhululukidwa kapena ayambepo ulendo.

"Mchere mwachulutsa," anatero Tabeth, n'kunyemanso china. Kenako maso ake anagwera pachala chotupa chija. Anachiyang'ana, anayang'ana mwini wake, ndipo anasendera kumbali kwa mphasa. "Mwaimiranji ngati mlendo? Khalani apa. Bweretsani dzanjalo."

Analigwira mosamala, polewa pamene panapsa, n'kuliika pamimba pake.

"Mwamumva? Wakhala akukankha chonchi sabata yonse, ine ndilibe womuuza."