Maluwa a Adona pa Damu

Jailosi adachoka ku Ntcheu ali mnyamata, nakagwira ntchito mumgodi kunja kwa dziko, ku Gatuma, mpaka chifuwa chidayamba kumuvuta. Zitatero adapeza ntchito ya m'dimba pa famu ina kufupi ndi Hatile, komwe ankakhala m'komboni ndi mkazi wake Enesi ndi mwana wawo mmodzi, Rabeka.

M'chaka cha 1955 adona a pafamupo adamutuma pa njinga kwa mnzawo ku Gatuma kukatenga maluwa. Adabwera nawo m'chitini cha palafini: tizomera tinayi toyandama, ta masamba onga masupuni.

"Ponya m'damu," adatero adona. Iye adaponya.

Patadutsa nyengo ziwiri za mvula, madzi sankaonekanso. Namasupuni, monga ankamutchulira anthu a m'komboni, adayala damu lonse ngati dambo la msipu. Pampu inkatsekeka, nsomba zinkafa, ng'ombe zinkangonunkhiza madziwo n'kubwerera.

Rabeka adali ndi zaka zinayi. Tsiku lina masana, Enesi akuchapa m'mphepete, mwanayo adaona duwa chapakati nalitsata. Ankayesa ndi pamtunda. Mayi wake potembenuka adangoona masamba akugwedera pang'ono, kenaka zii.

Amuna khumi adafufuza ndi mitengo italiitali. Adamupeza m'mawa mwake, mizu itamukola m'miyendo.

Jailosi sadalire. Bokosi adakhoma yekha ndi matabwa a mabokosi a sopo. Anthu akuimba kumanda, iye ankayang'ana msomali umodzi womwe udapindika.

Patapita sabata ziwiri kudabwera mzungu wa boma. Za mwana sadafunse. Adazungulira damu n'kulemba m'kabuku. Atachoka, kapitawo wa pafamupo, Pitala, adabwera kwa Jailosi chipewa chili m'manja.

"Achimwene, akuti chomerachi n'choletsedwa. Chizulidwe chonse, chiume, chitenthedwe, chisakafike kumtsinje wa Mupfure. Bwana akuti mutsogolere ndinu."

"Chabwino."

"Mukafuna ndikawauze asankhe wina."

"Mafoloko ali kuti?"

Adayamba tsiku lomwelo. Ankalowa m'madzi mpaka m'chifuwa, kukoka, kuunjika pamtunda, kulowanso. Misundu inkamumatirira m'miyendo, anzake ndiwo ankamuuza. Milu ikauma ankaithira palafini n'kuyatsa, utsi wake n'kudzaza komboni yonse.

"Bambo a Rabeka," adamufunsa Enesi tsiku lina, "mumalowa bwanji m'madzi amenewo?"

"Ndimangolowa."

Mwezi wa Ogasiti Enesi adamanga katundu kupita kwa mlongo wake ku Gatuma. Jailosi adamunyamulira mtolo mpaka pa siteshoni ya Hatile, sitima itanyamuka adabwerera kudamu, poti dzuwa lidali lisadapendeke.

Padatha miyezi isanu kuti madzi aonekenso. Anzake adabwerera kuminda ya fodya. Koma mvula itayamba, tizomera tina tating'onoting'ono tidatumphuka m'matope a m'mphepete, pakuti njere zake sizifa msanga. Jailosi adatchinga ndi waya wa sefa potulukira madzi, ndipo m'mawa uliwonse ankazungulira damu ndi thumba, kutola kamodzikamodzi.

Famu idagulitsidwa mu 1959. Mwini watsopano adafunsa kuti munthu wowonda uja amafunanji kudamu tsiku ndi tsiku.

"Ndi ntchito yake, bwana," adayankha Pitala.

Mwini famuyo sadafunsenso, ndipo Jailosi sadapatsidwe ntchito ina.