Chavarri wa Azakhali Wasiya Kudya

Mudzi wonse ukunong'onezana kuti chavarri wa azakhali anga a Nicolasa amulodza. Ena akuti ndi a Eufemia a nyumba yapaseriyi, poti ankadana ndi phokoso lake. Bodza! Ine ndimagona m'nyumba momwemo, imvani kwa ine.

Chavarri ndi chimbalame cha kudambo chija, chachikulu ngati nkhukutembo, cha minga m'mapiko. Wathuyu azakhali anamutola ali kamwana, ndipo anakulira pakati pa nkhuku. Akangoona kabawi ankakuwa mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Magdalena kumva, nkhuku zonse n'kubisala.

Ndiye chaka chino mtsikana wathu wanthengayu anapeza mwamuna kudambo. Anamanga chisa m'bango, n'kuikira mazira. Mbalame zimenezi zimasinthana, wina akamafungatira mnzake amakadya. Wathuyu ankadzadyabe kwathu, koma akabwerera kuchisa kabawi ankatitha anapiye.

"Wilfrido, akangobwera umugwire," azakhali anauza mwana wawo.

"Amayi, ndi mkazi wa mwinitu ameneyu," Wilfrido anaseka.

"Wakula ndi chimanga changa. Mwamunayo anaperekapo chiyani?"

Anamugwiradi, kumudula nthenga za phiko limodzi, n'kumumangirira mwendo kumtengo wa mango. Ine ndinati, "Azakhali, nanga mnzake ali pamazirayo amulandira ndani?"

"Iwe Yuranis, kasende chinangwa uko! Pakamwa ngati wailesi."

Pasaka anali pafupi, nthawi imene aliyense kuno amafuna ndiwo za akamba a m'madzi. Amuna, ndi Wilfrido yemwe, anayatsa bango kuti akambawo atuluke. Dambo linali litauma kale chifukwa eni ng'ombe akumba ngalande paliponse, ndiye moto sunachedwe. Wathu anakoka chingwe mpaka mwendo kuchucha magazi, akukuwa. Mnzake ankayankha mu utsimo. Kenako anasiya kuyankha.

Wilfrido anakamupeza pachisa pomwepo, atapsera limodzi ndi mazira. Akamba anabwera nawo ndithu, koma iye sanaike m'kamwa.

Kuyambira pamenepo chavarri sakudya. Dzulo kabawi watenga mwanapiye iye akuona, osakuwa n'komwe. Maso ali kudambo basi. Aphunzitsi athu akuti mbalamezi zatsala zochepa, timumasule. Lero azakhali andiponyera mpeni.

"Kadule chingwecho, asandifere pakhomo."

Mpeniwo ndi uwu ndagwirawu. Koma kuuluka sangauluke, ndipo kudambo kwangotsala phulusa lokhalokha. Inuyo mukanakhala ine, mukanamumasula kuti alowere kuti?