Masamu Oimba a NyaChavula

Bambo Donald Kamwendo, mlangizi wa masukulu, anafika pa sukulu ya Katowo pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Asanavule n'komwe chipewa anamva kuimba mu Sitandade 8, pa nthawi ya masamu.

Mphunzitsi wake anali Kezia Chavula, amene makolo ankamutcha NyaChavula. Anali ndi ana 84 ndi mabuku a masamu asanu ndi limodzi.

"Madamu, iyi ndi kwaya kapena kalasi ya mayeso?"

"Ndi masamu, bwana. Amwenye akalekale ankaika malamulo a masamu m'ndakatulo za chinenero cha Sansikriti, kuti wopanda buku aziyenda nawo m'mutu. Ndinaziwerenga ku koleji. Ine ndangopeka zanga."

"Kuno si ku India. Mukapanda kusiya, Lolemba mukayambe ku Sitandade 2. Kumeneko muziimba mpaka mawu asase."

Kezia anakwera nawo anawa kuchokera Sitandade 6, ndipo mayeso anali atatsala milungu isanu ndi iwiri. Kuwasiya tsopano, ayi.

"Sindisiya. Koma taganizani nambala, musatiuze. Muichite zomwe mukufuna."

Bambo Kamwendo analemba m'chikhatho mobisa. "Ndachulukitsa ndi 3, ndawonjeza 7, ndagawa ndi 2. Yatuluka 20."

Kezia sanakhudze choko. Anangogogoda pa desiki, ana n'kuyamba:

Yambira kumchira, bwerera kumutu,
Pomwe anagawa, iwe chulukitsa,
Pomwe anawonjeza, iwe chotsapo,
Pomwe anachulukitsa, gawa upume.

Zala zinayenda pa mawondo. "Leveni," anayankha a kutsogolo ndi a kukhoma komwe.

Mlangiziyo anafumbata dzanja. "Imeneyo inali yophweka." Anapereka ina yaitali, yokhotakhota. Ana anaipeza iye akadali kutsimikiza yankho lake pa foni.

"M'mayeso saimba," anatero mlangiziyo.

"Aziimbira mumtima. Woyang'anira mayeso amalanda kapepala ka m'sokosi. Nanga nyimbo ailanda bwanji?"

Bambo Kamwendo anayang'ana mabuku asanu ndi limodzi aja, omangidwa ndi mphira kuti asayoyoke. Kenako analemba mu lipoti lawo kwa nthawi ndithu.

"Mukhala mpaka mayeso. Akalephera, musadzati sindinanene."

"Akalephera ndidzapita ndekha ku Sitandade 2. Nakonso ndikaimbitsa. Yewo, bwana, muyende bwino."

Njinga isanalire, Kezia anali atagogoda kale pa desiki.

"Nyimbo ya kugawa ija. Kwezani mawu, alendo aimve mpaka pa mlatho."