Kampopi ka Pansi pa Thanki

A telala anagula njinga yamoto imvi zili mbuu. Zaka makumi atatu phazi lawo linkangodziwa chopondera cha makina osokera, ndiye giya akanamuzolowera liti? Patangotha sabata ziwiri chiigulireni kwa mlamu wawo, njingayo inali itawazimira kosawerengeka, koma muwauze ndinu ndani!

Tsiku limenelo mwana wawo wamkazi, mzime, ankakalemba mayeso olowera sukulu ya unamwino. Mayesowo amabwera kamodzi pachaka, ndipo geti amatseka 8 koloko, kaya ulire kaya ugwade.

"Mwanayu akwere minibasi," anatero akazi awo.

"Minibasi, njinga ili pakhomo? Ndikamutula ndekha pageti, anthu aone."

Mtsikanayo anayang'ana mayi ake, koma sanafune kuchititsa bambo manyazi. Anakwera kumbuyo atafumbata kachikwama ka zolembera.

Pa maloboti oyamba a telala anasiya kilachi mothamanga. Njinga inadumpha ngati mbuzi, n'kuzima. Mahutala kumbuyoku ngati achita kupangana.

"Madala, bwererani ku wilibala!" anakuwa kondakitala wina, basi yonse n'kufa nacho chiseko.

Thukuta lili kamukamu, anaponda kasanu njinga isanalire. Pa mphambano ya kumsika inazimanso. Mwana sanadandaule, ankangosuzumira wotchi ya pamkono wa bambo ake.

Atafika pachitunda, njingayo inayamba kutsokomola mwachilendo, kenako zii. Anaponda, anaponda, mwendo mpaka kuchita dzanzi. Atatsegula thanki n'kuigwedeza anangomva timafuta tikulira pansi penipeni. Dzulo lake ankati akathire, koma suti ya kasitomala inawagwira mpaka kuiwala.

"Mafuta atha, mwanawe."

Nthawi inali 7:35. Maminibasi ankadutsa atadzaza mpaka pakhomo, palibe inaima. Mtsikanayo anavula nsapato zake zagogoda.

"Ndithamanga, bambo. Mundipeza komweko."

A telala anamuona akukwera chitundacho, bulauzi yoyera imene anamusokera okha ikumatirira kumsana. Mtima unawawawa koopsa. Anayamba kukankha njinga, ndipo mwendo wa choimikira chake unkangowamenya m'katumba.

Pamwamba pa chitunda panali kashedi ka makaniko, munthu wa ovolosi yakuda bii ndi girizi.

"Yatani, madala?"

"Mafuta."

Makaniko uja anaiyandikira njingayo. Anagwada, n'kupisa dzanja pansi pa thanki, n'kutembenuza kampopi kakang'ono ngati batani la jekete. Anaponda kamodzi kokha. Njinga inalira bwinobwino, ngati sinalakwepo chilichonse.

"Rizevu imeneyo. Mafuta akatsika mumangotembenuza aka, mumafika nawo kutsidya kwa tauni. Anakugulitsaniyo sanakuuzeni?"

Mwina anawauza. Tsiku logula lija a telala anali otanganidwa ndi kudziyang'ana pagalasi la njinga. Anayang'ana wotchi: 8:15. Anangoti, "Zikomo, achimwene," mawu awo osamveka.

Ulendo wotsalawo unawatengera mphindi zinayi zokha, ndipo zimenezi n'zomwe zinawapweteka kwambiri.

Ali patali anamuona mwana uja. Geti linali lotseka, mlonda ali m'kati, mwana wawo atakhala m'mphepete mwa ngalande, nsapato zili pamiyendo. Anali asanawaone. A telala anaima kuseri kwa lole ina, n'kuzimitsa injini. Anatsika panjingapo. Kenako anawerama, n'kubweza kampopi kaja mmene kanalili, n'kutulukira akukankha.

"Ndachedwa ndi mphindi zisanu ndi ziwiri," anatero mwanayo. Chala chake chachikulu chakuphazi chinkatuluka magazi. "Ndawapempha mpaka kugwada. Akuti chaka chamawa."

A telala anaimika njinga, n'kuyang'ana chala chija.

"Musadziimbe mlandu, bambo. Mafuta akatha atha. Inu mukanatani?"

Manyazi anawagwira. Ankafuna mwanayo akanawakalipira, akanawatukwana kumene, zikanapepukako. Koma iye anangopukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kuvala nsapato zija akutsinzina ndi ululu.

"Tiyeni. Kwathu n'kutali, simungaikankhe nokha."

Anagwira chitsulo chakumbuyo ndi manja onse awiri n'kuyamba kukankha, akutsimphina. A telala anagwira mahandulo, maso ali pansi, ndipo anamulola.